Lifeyo Anola Mkondo Womuphera

Ku ufumu wathu wa Sitinathawe tili ndi mvula yovuta, misewu ya maenje, ndi mbiri yabwino kwambiri. Mbiriyo imati kalekale kunabwera Achiphwanya, anthu ankhondo amene sankasiya mudzi uli chiimire, ndipo makolo athu anakumana nawo m'mbali mwa dambo la Mabango, nawapha onse dzuwa lisanafike paliwombo. Umu ndi momwe timaphunzitsira ana kusukulu. Pali mbiri inanso, imene aliyense amaidziwa ngakhale palibe amene amavomera kuti anaimva kwa munthu. Iyoyo imati makolo athu atangoona fumbi la adani anathawira m'mabango, ndipo Achiphwanya, atafika ndi njala, anazula chinangwa chowawa m'minda mwathu, nachikukuta chachiwisi, nayamba kugwa ndi chizungulire mmodzimmodzi. Akuti makolo athu anatuluka patapita masiku atatu kudzalasa mitembo. Mbiri yachiwiriyi sitiikamba, ndipo dzina la dziko tinalisankha mosamala kuti mlendo asavutike ndi kufunsa.

Chaka chilichonse tikatha kukolola timachita Chibwereza, ndiko kuti timaimenyanso nkhondo ija pamalo pomwepo. Chinayamba ngati masewera a amuna osowa chochita m'chilimwe, koma chinatilowa m'magazi. Munthu amene denga lake likudontha amatha miyezi itatu akufufuta chikopa cha ng'ombe kuti chishango chake chifanane ndi cha makolo. Kunakhalapo mkangano wa zaka zinayi woti kodi makolo ankavala nthenga za nkhanga kapena za khwangwala, ndipo mabanja ena mpaka lero sapemphana moto. Wina anathamangitsidwa pabwalo chifukwa anabwera kunkhondo atavala wotchi.

Lamulo la masewerawa linali losavuta. Mikondo inali ya mapesi, nsonga zake zoviikidwa m'dothi lofiira. Dothilo likakukhudza pachifuwa, wafa, ugone pansi mpaka ng'oma italira. Linali lamulo labwino, kungoti imfa yake inkasankha anthu. Nduna sizinkafa. Nduna ya Zakale ndi Kunyadira, a Lasamtembo, chaka china analasidwa kasanu ndi kawiri, chifuwa chonse chili psuu, koma anapitiriza kumenya nkhondo ponena kuti zinali zokalika chabe. Oweruza anavomereza, popeza nawonso ali ndi ana ofuna ntchito.

Oti akhale Achiphwanya tinkawasankha pochita maere, ndipo maere athu ndi ozindikira: ankagwera okhaokha opanda m'bale kunyumba yachifumu. Umu ndi momwe Lifeyo Mpasanje anakhalira mtsogoleri wa adani kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Lifeyo anali wonola mipeni ndi nkhwangwa pamsika wa Mwamvakale. Anali ndi njinga yakale yoimika pamitengo, akapalasa mwala wonolera nkumazungulira. Anali munthu wofatsa, wochepa thupi, wosadziwa kunama, ndipo Chibwereza ankachikonda kuposa tonsefe. Pamapeto pa nkhondo, Mfumu Chilimbamtima wa Chisanu ndi Chiwiri inkatsika pampando kudzamukhudza ndi phesi pachifuwa, ndipo apa ndi pamene aliyense ankaimirira kuti aone bwino. Lifeyo ankafa mwaluso. Ankayamba wadabwa, kenako nkugwira pabala, nkuyang'ana kumapiri ngati akukumbukira kwawo, nkugwada bondo limodzi, nkugwa chagada. Amayi ankalira zenizeni. Sanabere masewera ngakhale tsiku limodzi: akakhudzidwa ankagwa, kaya pali minga kaya pali ndowe.

Tsoka linabwera chaka chimene tinaitana kazembe wa dziko la Kaonereni kuti adzasirire kulimba mtima kwathu. Palibe anaona kuti linthumbu lasamukira pabwalo. Nkhondo itafika pokoma, mfumu itamukhudza kale Lifeyo, mitembo makumi anayi inadzuka nthawi imodzi, nkuyamba kuvina ndi kudzimenya m'ntchafu. Mtembo wina unathamangira kumtsinje ukuvula. Lifeyo yekha ndiye anakhalabe wakufa, nyerere zikumuyenda m'makutu. Kazembe anaseka mpaka misozi, ndipo potsanzika anauza mfumu kuti kwathu kuno akufa ndi ochangamuka kuposa amoyo.

Mfumu sinadye bwino chaka chonse. Kutatsala sabata imodzi kuti tichitenso Chibwereza, inaitanitsa bwalo ku likulu lathu la Ombam'manja. Nduna zinalankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wina anati linthumbu linatumidwa ndi mayiko ansanje. Wina anapempha kuti nyerere zonse zilembedwe m'kaundula. Pomaliza a Lasamtembo anaimirira, nati vuto lathu ndi lakuti masewerawa asowa zenizeni, pakuti munthu wakufadi sadzuka ngakhale zimulume bwanji. Bwalo lonse linaomba m'manja, chifukwa panalibe woyembekezera kukhala munthu ameneyo.

Lamulo linatuluka lotere. Loyamba, kazembe aitanidwenso. Lachiwiri, ankhondo a Sitinathawe atulutse mikondo yachitsulo ya makolo awo. Lachitatu, mtsogoleri wa Achiphwanya afe zenizeni ndi dzanja la mfumu, ena onse angovulala monga mwa mwayi wawo.

Lifeyo anaitanidwa kuti adzalandire ulemuwu. Anafika atavala malaya ake a kutchalitchi, nakhala pansi, namvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaomba m'manja mwaulemu napempha kufunsa funso limodzi.

"Mwinidziko, ine sindikana ntchito. Koma paja akuti liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Ngati chaka chino zonse zikhala zenizeni, kodi nafenso adani tipatsidwa yachitsulo?"

A Lasamtembo ndiwo anayankha, mokoma mtima ngati akulangiza mwana. Anati mbiri imanena poyera kuti pa nkhondo ija sipanafe munthu wathu ngakhale mmodzi, zomwe zikutanthauza kuti mikondo ya Achiphwanya sinagwire ntchito. Tsono kupatsa adani mikondo yogwira ntchito kungakhale kunamiza mbiri. Mapesi ndiwo zenizeni. Komabe, kuti kazembe asasekenso, nsonga za mapesiwo zipakidwe utoto wasiliva kuti ziziwala ngati chitsulo. Anawonjezera kuti boma silidzaiwala: kamlatho ka pamsewu wa kumsika kadzatchedwa dzina la Lifeyo, kakadzamangidwa.

Lifeyo anathokoza, nabwerera kwawo.

Mkazi wake, Nasoko, ankagulitsa chinangwa pamsika womwewo, ndipo anali mayi wosataya mawu pachabe. Atamva nkhaniyi anaika mpeni pansi, namuuza kuti kwa mlongo wake kutsidya kwa malire ndi ulendo wa tsiku limodzi panjinga. Lifeyo anati sangathe. Anati zaka zonsezi wakhala akudzudzula anzake ozemba imfa, tsono anthu adzati chiyani akamva kuti iye wathawa pamene masewera afika penipeni? Ndipo akathawa, maere agwera wina, mwina Fulakisoni wachiwiri wake, amene ana ake akadali ang'onoang'ono.

"Munthu wa ku Sitinathawe sathawa, Nasoko," anatero.

"Abambo a Esinta," anayankha mkaziyo, "m'dziko lonse lino ndinu nokha amene munakhulupirira dzina limenelo."

Sanakanganenso. Lifeyo ankaopa, ndipo sanabise. Masiku amenewo ankayang'ana mbuzi zake nthawi yaitali, ndipo anakonza chitseko chimene Nasoko anakhala akuchidandaula kwa zaka zitatu.

Tsono apa ndi pamene tinachita chinthu chimene ndi ife tokha tingachichite. Akuluakulu atapita kukatsitsa mikondo ya makolo awo kutsindwi, anapeza dzimbiri lokhalokha. Ina ana anali atakumbira mbewa, ina inkagwira ntchito yotokosera moto. Aliyense anachita manyazi, poganiza kuti ndi iye yekha amene wasiya chuma cha makolo kuti chiwonongeke. Ndipo wonola wodalirika mu ufumu wonse anali mmodzi. Motero nduna iliyonse, mkulu wa asilikali aliyense, anakulunga mkondo wake m'kamphasa, nazembera kuseri kwa msika, naupereka kwa Lifeyo, namulumbiritsa kuti asauze munthu. A Lasamtembo anabwera ndi iwiri, wawo ndi wa mfumu.

Lifeyo anainola yonse. Wa mfumu anaunola kawiri, nauyesa pometa ubweya wa pamkono wake. Nasoko atamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino, iye anati ngati kuli kufa, asafe ndi chitsulo chobuntha, ndiponso anthu asadzanene kuti ntchito yake yomaliza inali yosalongosoka.

Mwala unalira masiku asanu ndi limodzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo msika wa Mwamvakale uli ndi makutu. Ogulitsa tomato anati zomwe zikunoledwazo si mipeni. Ogulitsa makala anati aona ndi maso awo mikondo italiitali ikutuluka m'timphasa. Lachitatu inali mikondo zana, pofika Lachisanu inali chikwi, ndipo ena anati Achiphwanya enieni atumiza adzukulu awo kudzathandiza. Nkhaniyi itafika ku Ombam'manja, nduna iliyonse inayamba kuwerengera mumtima: ine ndinapereka umodzi wokha, nanga inayo, imene ikulira tsiku lonse, ndi ya yani? Kufunsana sakanatha, chifukwa wofunsa akanaulula dzimbiri lake.

Mkulu wa asilikali analimba mtima napita kukafunsa Lifeyo yemweyo. Lifeyo, wosadziwa kunama uja, anayankha zoona zokhazokha: mikondo ndi yambiri ndithu, yonse ndi yakuthwa, koma eni ake anamulumbiritsa kuti asawatchule. Mkuluyo anabwerera thukuta lili kamukamu. Amayi a pamsika anayesa kutokosa Nasoko pomupepesa za umasiye umene ukubwera. Iye anapitiriza kusenda chinangwa, nangoti, "Ine nsalu yamaliro sindinagule." Mawu amenewa anafika kunyumba yachifumu nkhuku zisanalowe m'khola.

Loweruka linafika. Tinasonkhana anthu zikwi zitatu m'mbali mwa dambo. Mpando wachifumu unaikidwa pansi pa chisakasa, chikopa cha kambuku chili pamwamba, kazembe ali pambali ndi mbale ya mtedza. Ankhondo athu anandanda ndi nthenga zawo, mikondo ikunyezimira, koma aliyense ankayesetsa mwaulemu kupatsa mnzake malo akutsogolo. Mfumu inatsika pampando nkuima pakati pawo, mkondo uli m'manja, ikuyang'anayang'ana kumbuyo ngati yaiwala kanthu.

Kutsidya kwa bwalo, Lifeyo analankhula ndi anthu ake makumi anayi. Sanakonze chiwembu chilichonse, ndipo izi ndikunenetsa, chifukwa pambuyo pake ena anafuna kumupatsa nzeru zimene analibe. Anangowapempha kuti, popeza aka nkomaliza, asabwere mozengereza ndi mopunthwa dala monga ankachitira zaka zonse kuti nduna zisatope. Abwere monga akanabwerera Achiphwanya enieni, kamodzi kokha, kuti iye afe pa nkhondo yooneka.

Ng'oma inalira. Anthu makumi anayi anakuwa ndi mawu amene sitinawamvepo, nauyamba wothamanga, fumbi lili koboo. Dzuwa linagunda pa utoto wasiliva uja, ndipo nsonga makumi anayi zinang'anima nthawi imodzi.

Woyamba kutembenuka anali a Lasamtembo, amene analamula za utotowo ndi pakamwa pawo. Anaponya mkondo pansi naliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Mkulu wa asilikali anawatsatira, mwina pofuna kuwabweza. Mfumu Chilimbamtima wa Chisanu ndi Chiwiri, imene tinkaganiza kuti ili ndi nyamakazi, inawapitirira onse awiri isanafike pa mabango. Ndipo ife owonerera, amene tinkadziwa bwino lomwe kuti awo ndi Lifeyo ndi Fulakisoni ndi anzathu ena omwera nawo thobwa, titaona kuti akuluakulu athawa tinati ayenera kuti akudziwa kanthu. Ine amene ndikulemba izi ndinadzazindikira ndili m'matope ofika m'chiuno, nditagwira phewa la Nduna ya Zachitetezo, imene inali itagwira bango.

Achiphwanya anafika pakati pa bwalo napeza palibe womenyana naye. Anaima akupuma wefuwefu, mapesi ali m'manja. Pansi panali mbwee mikondo, zishango ndi nthenga. Otsala pabwalo anali kazembe, amene anali ataleka kutafuna, woimba ng'oma amene anabisala kuseri kwa ng'oma yake, ndi amayi a malonda, amene sakanasiya madengu awo chifukwa cha nkhondo ya amuna.

Ndipo mpando unali pomwepo, wopanda munthu.

Tonse m'mabangomo tinkauona. Tinaona Fulakisoni akugwira Lifeyo pamkono nkuloza ndi mlomo. Tinaona Lifeyo akuyenda pang'onopang'ono, nkutola mkondo wa mfumu, nkuuyesa ndi chala monga mwa chizolowezi chake, nkuima patsogolo pa chisakasa. Anatembenuka nayang'ana kudambo kumene tinali, nthawi yaitali ndithu. Ndinene zoona, mtima wanga unkafuna kuti akhalepo. Ndikudziwa kuti sindinali ndekha, chifukwa misewu ya maenje ija timayendamo tonse. Koma kumanja kwanga kunali nduna, kumanzere kunali mlamu wa nduna, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ayambe wina.

Nasoko ndiye anadzuka. Anayenda ndi dengu lake mpaka pamene panali mwamuna wake, namulanda mkondo uja, nayamba kusendera chinangwa. Mawu ake tinawamva bwino, chifukwa dziko lonse linali chete.

"Abambo a Esinta, mukhala pampando kapena mudya chinangwa? Sankhani msanga. Matope sasunga mfumu nthawi yaitali."

Lifeyo anayang'ananso kudambo. Kenako anatambasula dzanja.

"Kufa ndimakudziwa," anatero. "Patseni."

Chinali chinangwa chozuna, cha manyokola, chimene ngakhale mwana amadya chachiwisi. Nasoko anagawira onse makumi anayi. Anakhala pansi nadya ngati anthu ochokera kutali, ndipo Lifeyo atameza chidutswa chachitatu anaima, nagwira mutu, nazungulira kawiri, nagwira pamimba, nayang'ana kumapiri, nagwa chafufumimba. Pa imfa zake zonse, iyi inali yokongola koposa. Anzake anamutsatira mmodzimmodzi, aliyense monga mwa luso lake. Palibe anawaphunzitsa zimenezi. Mbiri ija imene palibe anaimva kwa munthu, aliyense anaisewera osaphonya ndi pamodzi pomwe.

Ali chigonere, amayi a malonda anayenda pabwalo ponse akutola mikondo nkumaika pansi pa chinangwa ndi tomato m'madengu mwawo. Chitsulo chonoledwa ndi Lifeyo sichitayidwa. Mpaka lero kwathu kuno amayi ambiri amadulira masamba ndi mipeni yooneka modabwitsa, ndipo amuna awo safunsa.

Ife tinadikira pafupifupi ola limodzi kuti titsimikize. Makolo athu anadikira masiku atatu, tsono asanene munthu kuti dziko silikutukuka. Mfumu inatuluka ili matope mpaka m'khosi, misundu iwiri ili pamwendo, niyang'ana mkondo wake osaupeza. Inathyola bango, niyenda mwaulemerero, nikhudza nalo Lifeyo pamsana. Lifeyo sanagwedezeke. A Lasamtembo anathamanga kukalasa mitembo ina isanu ndi bango lawo, mwaukali woopsa. Ng'oma inalira, ndipo ife tinatuluka m'dambo tikuomba m'manja ndi kuimba nyimbo ya chipambano, madzi akuchucha m'zovala.

Kazembe sanaseke. Anaimirira, nagwira dzanja la mfumu, nati wayenda mayiko ambiri koma sanaonepo anthu osewera mbiri yawo mokhulupirika chotere, kuyambira mfumu mpaka wowonerera wotsiriza. Mfumu inathokoza, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati inamva.

Bwalo linakumananso Lolemba. Linalengeza kuti Chibwereza chayenda monga mwa dongosolo, kuti kulowa m'mabango inali njira yakale yokopera adani, ndipo kuti mtsogoleri wa Achiphwanya anafadi zenizeni monga lamulo linanenera, choncho aliyense womuona akuyenda azidziwa kuti akuona zolakwika. Linalamulanso kuti kuyambira chaka chamawa tibwerere ku mapesi osapaka utoto, polemekeza mwambo. Za kamlatho sizinatchulidwe, koma sikanamangidwebe, tsono palibe chatayika.

Tsiku lomwelo malemu Lifeyo anali pamsika, akupalasa njinga yake, akunola nkhwangwa. Tinamuzungulira ambiri ndithu. Poyamba tinamuyamikira kuti wapulumuka. Kenako, titayang'ana uku ndi uku, tinayamba kumudzudzula monong'ona. Wina anati anataya mwayi wa dziko lonse. Wina anati mpando unali poyera, akanangokhalapo, ife tonse tinali kumbuyo kwake. Inenso ndinaponyapo mawu anga, ndinati munthu wolimba mtima sakanasankha chinangwa.

Lifeyo analeka kupalasa. Mwala unazungulira pang'ono nuima. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, mopanda mkwiyo, monga momwe anayang'anira kudambo tsiku lija.

"Munalimo anthu zikwi zitatu m'mabango muja," anatero. "Ndinaima pamenepo ndikudikira kuti mmodzi yekha anene kuti khalani. Ndinamva achule okha."

Anaikanso nkhwangwa pamwala nayamba kupalasa, ndipo ife tinabalalika, aliyense atakumbukira kuti anabwera kudzagula kanthu.